Bala la kumapeto kwa msana likufuna namwino waluso

Pilonidal sinus ndi kabowo kochita mafinya kumapeto kwa msana, pakati pa matako, kamene kamayamba tsitsi likalowa m'khungu. Matendawa amakonda kugwira anyamata okhala pansi nthawi yaitali, monga a kabaza ndi oyendetsa minibasi pa Chitakale.

Pambuyo pa opaleshoni, kawirikawiri dokotala sasoka balalo kuti lipole kuyambira m'kati, ndipo limatenga masabata angapo. Nthawi yonseyi wodwala amadalira namwino wotsuka ndi kumanga balalo. Likatsekeka msanga pamwamba pokha, mafinya amabwereranso, ntchito n'kuima, banja n'kusowa ndalama.

Choncho maphunziro a kasamalidwe ka mabala, ku sukulu ya anamwino ya Mulanje Mission ndi kwina konse, ngofunika kuwalimbikitsa. Odwala nawo asachite manyazi, apite msanga kuchipatala.