TISAGULE MAPHUNZIRO A PA KOMPYUTA POMVA MAU A WOGULITSA CABE

Kuyambira mu March 2020, pamene Boma linatseka masukulu cifukwa ca matenda a Covid-19, makoleji, mayunivesiti ndi maofesi ambiri m'dziko lathu lino la Zambia akhala akugula maphunziro a pa kompyuta ndi pa foni. Ici ndi cinthu cabwino ndithu, pakuti mphunzitsi wa ku Chama kapena namwino wa ku Nyimba angathe kuonjezera maphunziro osasiya nchito yake. Koma pali mau ena amene ogulitsa amakonda kulemba pa mapepala ao okongola, amene ndifuna kuti tiwapime bwino. Mauwo ndi akuti katundu wao "ndi wogwirizana ndi SCORM".

SCORM ndi mpambo wa malamulo a kapangidwe ka maphunziro otere. Unacokera ku America, ku bungwe la ADL limene Unduna wa Citetezo wa dzikolo unakhazikitsa mu 1997. Colinga cake cinali cakuti phunziro lopangidwa ndi kampani ina lizitha kutseguka m'pulogramu yoyendetsera maphunziro ya kampani inanso, ndi kuiuza pulogramuyo pamene wophunzira wafika, mamakisi amene wapeza, ndiponso ngati wapambana kapena walephera.

Ife a Zambia sitifunika kutiuza kufunika kwa muyeso umodzi. Njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, inapatsidwa mpata wa mamilimita 1,067, wofanana ndi njanji yathu, kotero kuti bogi lonyamula kopa lingacoke ku Copperbelt, kupyola pa Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam osatsitsa katundu. Koma njanji yakale ya ku Tanzania ndi ya mamilimita 1,000. Zonse ziwiri ndi njanji, ndipo pakati pao pali mamilimita 67 cabe, koma bogi la iyi silingayende pa inzake.

Ndi mmene ziliri ndi SCORM. Pali SCORM 1.2 ya mu 2001, ndiponso SCORM 2004 imene inakonzedwanso kangapo mpaka mu 2009. Wogulitsa akangoti "SCORM" osachula kuti iti, wanena zocepa kwambiri. Moodle, pulogramu yaulere imene masukulu ambiri pa dziko lapansi amagwiritsa nchito, imalandira bwino SCORM 1.2 koma siikwanitsa zonse za SCORM 2004. Tsono koleji imene iri ndi Moodle ikagula maphunziro a mtundu waciwiriwu, ingathe kupeza kuti yagula bogi losakwana pa njanji yake.

Kusiyanaku sikwa akatswiri okha ai, kumamugwera wophunzira. Mu SCORM 1.2, malo amene phunziro limasungamo cikumbutso ca zimene munthu wacita kale ndi a zilembo 4,096, pamene m'makonzedwe otsiriza a SCORM 2004 ndi a zilembo 64,000. Phunziro lalitali likadzaza malo ang'onowa, cikumbutso cimaonongeka, ndipo munthu pobwerera amapeza kuti ayenera kuyambanso. Kumene magetsi sazima, mwina ici ndi cacing'ono. Koma tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kusowa maola ambiri pa tsiku. Taganizani za kalaliki wa pa boma amene wagula mabando ndi ndalama za ndiwo, naphunzira mpaka pakati pa usiku, m'mawa mwake n'kupeza kuti makina samudziwa.

Funso laciwiri ndi lakuti: kodi ndani anayesa? Bungwe la ADL linatulutsa zoyesera zaulere zakuti kampani idziyese yokha, ndipo panalinso malo oima paokha amene anali kuyesa katundu ndi kupereka setifiketi. Motero pali kungonena, pali kudziyesa wekha, ndiponso pali kuyesedwa ndi ena. Pa pepala la wogulitsa zonsezi zimamveka ngati cinthu cimodzi. Komanso setifiketi imakhala ya katundu amene anayesedwa pa nthawiyo, osati wa lero amene wasinthidwa kambiri. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi wa ku Katete savomera sikelo ya wogula cimanga cifukwa cakuti mwini wake walumbira. Amafuna kuona cidindo ca oyesa masikelo.

Ena adzati zinthu izi ndi zakale, popeza kunabwera muyeso watsopano wa xAPI mu 2013. Ndi zoona, koma dzina latsopano nalonso lingalembedwe pa pepala popanda umboni. Sindinena kuti ogulitsa onse ndi abodza. Ambiri a iwo amangobwereza zimene anauzidwa ndi a ku likulu lao kunja.

Lamulo la Competition and Consumer Protection la mu 2010 limaletsa kunama kuti katundu ndi wa muyeso wakuti-wakuti, koma mlandu umadza ndalama zitapita kale. Cifukwa cake ndipempha akulu-akulu a makomiti ogula katundu, makamaka amene amagwira ndalama za msonkho, kuti asanasaine alembe m'pangano mtundu weni-weni wa SCORM, ndipo aitanitse phunziro limodzi lathunthu. Aliike m'makina a pa sukulu pao, apatse wophunzira mmodzi foni wamba, aphunzire theka, azime foniyo, ndipo m'mawa atsegulenso wogulitsa ali pomwepo.