Weekend imodzi chabe, siyani club mukaponde matope

Imwe ba Lusaka, ndalama zamene munasiya mu club mwezi watha zinakusiyilani chani? Mutu kubaba na mafoto pa Facebook, basi. Manje mvelani iyi: kuli azungu bamene balipila ndeke kuchoka ku Europe kubwela kuponda matope mu mafamu ya mu Africa, kosalandila olo ngwee. Ise nyumba ya dothi timaiseka ati ni umphawi. Beve baitana ati eco-building.

Nkhani yake ili so. Munthu ali na malo kumunzi, afuna kumanga na vinthu vopezeka pamene apo, dothi, mchenga, uzu na myala, ndipo afuna kudya vamene alima yeka. Aitana mavolunteer. Imwe mupeleka manja, eve akupasani pogona, nsima na nzelu. Kachitidwe aka kanachuka na WWOOF, yamene Sue Coppard anayamba ku England mu 1971, ndipo kambili basebenza maola 4 kufika 6 pa siku.

Muzafunsa ati nanga nizapindula chani? Choyamba, muzaziba dothi. Baika dothi mu botolo ya manzi, bakhuchumula, baisiya. Mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Dongo ikachuluka khoma ing'ambika, mchenga ukachuluka khoma igumuka. Muzaphunzila futi kuti nyumba ya dothi ifunika faundeshoni ya myala na mtenje wotuluka kunja bwino, kuti mvula isadye khoma. Mu October, pamene ba mu nyumba za mabuloko bagona khomo yosegula, mukati mwake mumankhala mozizila.

Chachibili ni manzi. Mvula ya 1 mm pa malata ya 1 square metre ipasa lita imodzi. Lusaka imalandila pafupi 800 mm pa chaka, so mtenje wa 50 square metres ungakolole malita pafupi 40,000. Ganizani mabaketi yangati ayo, imwe bamene muuka 04:00 kukaima pa pompi mu komboni.

Ivi si vamasobela. Mu February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza chilala kuti ni national disaster. Manzi mu Kariba yanachepa, malaiti yanayamba kuyenda, milisi inadula. Nthawi monga ija, munthu wamene ali na solar, thanki, nkhuku na dimba ya chibwabwa salila monga ise ba lendi.

Koma chenjelani mwandi, si aliyense wokamba ati "project" ali na mtima wabwino. Benangu bafuna chabe pisiweki ya mahala. Mukalibe kukwela basi, funsani: maola yangati pa siku? Nizagona kuti? Nindani azaniphunzisa? Nyumba ikasila izankhala ya ndani? Ngati mumangila munthu lodge yamene azayamba kulipilisa, ndipo anyamata ba pamunzi bamene bangalandile ndalama pa nchito iyo bankhala chabe, bwelelani. Ba sisi, uzani abululu kwamene muyenda, ndipo osayenda mweka ulendo woyamba.

Nthawi yabwino yomanga ni May kufika October, mvula ikalibe kubwela. Nyamulani magambuti, chisote, moskito neti na vovala vamene simuzalila vikada. Manails yoika, yaibaleni.

Ngati mufuna kuyamba na maphunzilo ya ulimi, Kasisi Agricultural Training Centre, ya ma Jesuit kufupi na airport, inayamba mu 1974 ndipo iphunzisa kulima kopanda feteleza ya m'sitolo. Koma pa va kumanga, mwina aphunzisi banu ni ambuya bamene simunabaone kuchokela pa maliro yaja. Beve baziba dothi ya pa chulu, kumata khoma na kufolela uzu, ndipo mtenje wao ufuna manja chaka chino.

Gulani shuga na sopo, mubatumile foni lelo.