Pasiwedi si moto wopala

Mukakhala mulibe chochita madzulo, tsegulani WiFi pafoni yanu muli ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Area 25, muwerenge mayina a manetiweki amene akubwera pamndandandapo. Ambiri ndi mayina a kufakitale, manambala ndi zilembo zopanda mutu. Koma sabata yathayi ndinaona lina limene linandiseketsa ndekha pamsewu mpaka amayi ogulitsa tomato kundiyang'ana kawiri. Mwininyumba wina watcha netiweki yake kuti "Gulani yanu".

Munthu ameneyo sindikumudziwa, koma mbiri yake ndikutha kuifotokoza yonse. Anagula rauta ndi mtima wabwino, naikamo simu khadi, nagula bandulo ya mwezi wathunthu kuti ana azichita za kusukulu. Sabata ziwiri zisanathe bandulo ija inatha psiti. Atasuzumira pawindo anaona anyamata atatu atatsamira mpanda wake, mitu ili pansi, zala zili pafoni, ngakhale kuti malowo alibe mthunzi. Nanga inu mukanaitcha chiyani netiwekiyo?

Vuto lathu ndi lakuti pasiwedi timaitenga ngati moto. Kumudzi moto ukakuzimira umatuma mwana kukapala kwa aneba, ndipo wokaniza moto mudzi wonse umamuloza chala. Zinali zomveka, chifukwa ukapala moto wa mnzako suchepa. Data ndi ina. Ambirife intaneti ya m'nyumba timaipeza kudzera pa simu khadi ya TNM kapena Airtel, ndipo bandulo iliyonse ili ndi malire ake. Gigabayiti imene wadya wa panja ndi imene mwana wanu adzaisowe mawa pofuna kutsitsa mapepala a mayeso akale a MANEB.

Mwambi woti kupatsa n'kuika ndimaukonda, ndipo owerenga danga lino atopa nawo. Koma amene anaupeka ankanena za zinthu zimene mnzako amaziona polandira, nazikumbukira pa tsiku la tsoka lako. Wolandira pasiwedi saona kuti walandira kanthu. Kwa iye WiFi imangobwera ndi mphepo, ilibe mwini, ilibe mtengo. Ine sindinamvepo mnansi akugogoda pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mwezi watha ndinadya data yanu, nayi yanga mudyeko."

Ndiye taonani mmene pasiwediyo imayendera. Mumapatsa mphwanu mmodzi, n'kumuuza kuti asauze munthu. Iye sauzadi munthu. Kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni imatha kuonetsa kachizindikiro ka QR kamene mnzake amangokaloza ndi kamera, basi walowa. Pakamwa pa mphwanuyo sipanatuluke mawu, lonjezo lake walisunga, koma mpanda wanu wadzaza anthu.

Ndipo pano mundilole ndidandaule dandaulo langa lakale lija, la moni. Kale mlendo akafika ankayamba odi, ankakhala pansi, mumafunsana za kumene wachokera, za matenda, za mvula. Lero mwana wa mchemwali wako amalowa m'nyumba foni ili patsogolo, chikwama chikadali kumsana, mawu oyamba n'kukhala akuti, "Ankolo, pasiwedi ndi chani?" Agogo ake ali pamkeka pomwepo, sanawaone n'komwe. Ukamuuza kuti ayambe wapereka moni, amapereka mothamanga, maso ali pakhoma kusakasaka pamene pali rauta. Mukudziwa kuti sindikunama, kwanunso zikuchitika.

Mlendoyo amalumbira kuti angoona uthenga umodzi wa pa WhatsApp, ndipo mwina akunena zoona. Wakuba ndi foni yakeyo. Mafoni ndi makompyuta anawapanga moganizira mayiko amene WiFi amalipira pamwezi popanda malire. Choncho foni ikangomva WiFi imamasuka: imayamba kukonzanso mapulogalamu ake onse, kutumiza ku Google Photos zithunzi zimene yakhala ikusunga mwezi wonse, ndi kutsitsa makanema onse a m'magulu a kutchalitchi ndi a kumudzi. Laputopu ya Windows payokha ingathe kumeza magigabayiti angapo pongodzikonza, mwini wake akumwa tiyi. Mankhwala ake alipo: pafoni ya Android ndi pa Windows pali posankha pamene palembedwa kuti metered, ndipo mukapayatsa chipangizocho chimadziwa kuti data ya pakhomo pano ndi yowerengera.

Koma tisamangoloza alendo. Eni marautafe ndife aulesi. Rauta imabwera ndi kapepala komata kunsi kwake, kolembedwa dzina la netiweki ndi pasiwedi, ndipo ambiri timazisiya choncho mpaka rautayo kufa. Mwana aliyense wodziwa kutembenuza chinthu wawerenga kale. Chonsecho kusintha n'kosavuta. Mumatsegula Chrome, n'kulemba nambala imene ili pakapepala komweko, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, ndipo mumalowa m'kati mwa rautayo. Pamarauta ochuluka dzina lolowera ndi admin, pasiwedi yakenso admin, ndiye yambani mwasintha imeneyo. Kenako sinthani ya WiFi. Chitetezo chake sankhani WPA2 kapena WPA3. Mukaona WEP ithaweni, akatswiri anaonetsa kufooka kwake kale mu 2001. Pasiwedi ya WPA2 imafuna zilembo zosachepera 8, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amathamangira 12345678. Ena amalemba dzina la mwana woyamba ndi chaka chimene anabadwa, ngati kuti aneba sanabwere kudzaona mwanayo ali wakhanda.

M'kati momwemo muli mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa. Muwerenge. M'nyumba muli mafoni anayi, pamndandanda pali 11. Marauta ambiri amalola kutsekera chipangizo chimene simukuchidziwa, ndipo ena amalola kutsegula netiweki yachiwiri ya alendo, yokhala ndi pasiwedi yakeyake, imene mungaizimitse alendowo akangokwera minibasi. Palibe amene wanyozedwa, palibe mlandu wopita kwa ankhoswe.

Palinso nkhani ya malo. Amayi ena aulemu wawo amaika rauta m'kabati ya mbale, n'kuifunditsa kansalu koluka kuti isade ndi fumbi. Abambo ena amaikhomera kuchipinda, kuseri kwa wadiropu, kiyi ali m'thumba. Kenako onsewa amadandaula kuti netiweki ya masiku ano ndi yachabechabe. WiFi ndi mafunde a wailesi, ndipo khoma la njerwa zootcha, chitseko chachitsulo, firiji ndi malata zimawafooketsa. Ikani rauta poyera, pamwamba, chapakati pa nyumba. Ngati yanu imatulutsa manetiweki awiri, ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imayesetsa kubowola makoma, pamene ya 5 GHz ndi yothamanga koma imafuna mukhale pafupi. Kuiika pawindo loyang'ana kumsewu ndiye kuitanira dala anyamata aja.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Banja labwera ku ukwati, onse akhala pabalaza limodzi, maondo akugundana. Wina ali ndi kanema wa pelekanipelekani, ena onse akumufuna. Amamutumiza pa WhatsApp. Kanemayo amatuluka m'nyumba, kukafika kumakompyuta a kampaniyo kutali uko, n'kubwerera kudzalowa m'foni ya munthu amene wakhala pampando womwewo. Bandulo yadyedwa potumiza, yadyedwanso polandira, kamodzi pa munthu aliyense, ndipo kanemayo wafika atafinyidwa, nkhope ya mkwatibwi yosaoneka bwino.

Anthu sadziwa kuti rauta imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha. Ntchito yake yoyamba ndi kulumikiza zipangizo za m'nyumbamo kuti zizilankhulana zokhazokha. Pa kompyuta ya Windows mungathe kutsegula foda imodzi kuti ena a panetiwekiyo aziiona ndi kutengamo zithunzi, nyimbo kapena manotsi a kusukulu popanda kudya data. Marauta ena ali ndi pobayira flash, ndipo zimene zili mu flashiyo aliyense m'nyumbamo angazitsegule. Pulinta imodzi ya WiFi imakwanira banja lonse. Ngakhale popanda rauta, mafoni a Android ali ndi Quick Share, a Apple ali ndi AirDrop, ndipo ana amadziwa kale Xender. Funsani mwana wa Fomu 2 akuonetseni, kamodzi kokha alipire nsima imene amadya.

Wina anena kuti ndikuphunzitsa anthu umbombo. Ayi. Ngati nyumba zitatu za pamdadada umodzi zikufuna rauta imodzi, zikhale pansi, zigwirizane mtengo wa bandulo, aliyense asonkhe tsiku lisanafike, ndipo wosasonkha adziwe kuti pasiwedi isintha pa 1. Kumeneko ndiye kukhala bwino ndi anansi. Wophunzira wa nyumba yoyandikana amene akufunadi kutumiza fomu ya sukulu, muitaneni alowe, akhale pampando, mumulumikize nokha pa netiweki ya alendo. Ameneyo adzakumbukira, ndipo pamenepo mwambi wanga uja wagwira ntchito.

Choncho usiku uno, ana akagona, tembenuzani rauta yanu, lowani m'kati, muwerenge mafoni amene alimo, musinthe pasiwedi. Amene abwere mawa kudzafunsa kuti netiweki yatani, ayambe wapereka moni, kenako mukambirane za msonkhamsonkha.