Tisagulitse Soya Yense Cifukwa ca Mphekesera

Caka ndi caka alimi ambiri a ku Chipata, Katete ndi Lundazi amakolola soya namugulitsa yense, osasiyako ngakhale thumba limodzi la pakhomo. Ena amatero pofuna ndalama, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma ena amatero cifukwa ca mantha. Kwamveka kuti soya ali ndi mahomoni a akazi, ndipo mwamuna womudya amafooka m'nyumba kapena kumera mawere. Ine ndikuti mantha amenewa alibe maziko, ndipo amene akuvutika nawo ndi ana athu.

Zimene anthu akuopazo zimachedwa ma isoflavone, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi genistein ndi daidzein. Nchito yawo yoyamba ili m'munda. Mizu ya soya imawatulutsa m'nthaka monga mthenga wokaitana mabakiteriya a Bradyrhizobium, omwe aja timapaka ku mbewu tisanabzale. Mabakiteriyawo akamva kuitanako amalowa m'mizu namanga timibulu tija tofiira m'kati, m'mene amakoka naitirojeni wa mumpweya ndi kumusandutsa cakudya ca mbewu. Ndiye kuti zinthu zimene zikunenezedwazi n'zomwe zimathandiza kuti soya akule popanda feteleza wa urea.

N'zoona kuti kapangidwe ka ma isoflavone n'kofananako ndi estrogen, homoni ya akazi. Koma kufanana nkhope si ubale. Mphamvu yawo m'thupi la munthu ndi yocepa kwambiri poyerekeza ndi ya homoni yeniyeniyo. Nanga manthawo anacokera kuti? M'zaka za m'ma 1940, nkhosa za ku Western Australia zinaleka kubereka cifukwa codya msipu wa clover wodzala ndi ma isoflavone. Zimenezo zinacitikadi. Koma nkhosazo zinali kudya msipu womwewo tsiku lonse kwa miyezi yambiri, ndipo mimba ya nkhosa sigaya cakudya monga ya munthu. Madokotala analembaponso za mwamuna wina amene anatupa mawere. Iyeyo anali kumwa mkaka wa soya pafupifupi malita 3 tsiku lililonse, ndipo atasiya, thupi lake linabwerera m'malo mwake. Ndani wa ife amamwa motero?

Kwa anthu odya mwa masiku onse, umboni ndi wolimbikitsa. Mu 2010, ndiponso mu 2021, akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana napeza kuti soya satsitsa testosterone, homoni ya amuna. Ku Shanghai, kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anatsatira amayi oposa 5,000 amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Mwa amayi odya soya wambiri, omwalira anali ocepa, ndipo amene nthendayo inawabwerera analinso ocepa. Anthu a ku China ndi Japan akhala akudya soya kwa zaka mazanamazana, ndipo mitundu yawo sinaleke kubalana.

Zoyenera kusamala zilipo, koma ndi zina. Soya wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, conco mukazingeni kapena kumuwiritsa mokwanira musanapite naye ku cigayo, kaya ndi wa anthu, nkhuku kapena nkhumba. Pakhomo pasasowe mcere wokhala ndi ayodini, pakuti soya angavutitse cithokomiro ca munthu woperewera ayodini. Amene akumwa mankhwala a cithokomiro afunse ku cipatala za nthawi yoyenera kudya soya. Ndipo musataye ndalama pa mapiritsi a ma isoflavone: cakudya ca m'mbale n'cokwanira.

Tsopano taganizirani cimene timataya. Gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a njere ya soya ndi mapuloteni, pamene cimanga cili ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10. Phala la HEPS limene ana opinimbira amalandira ku cipatala ndi cimanga cosakaniza ndi soya. Kodi si zomvetsa cisoni kuti mayi afole pamzere kudikira phala limenelo, pamene soya wa m'munda mwake anapita yense ndi galimoto ya amalonda?

Inu amene mukuphunzira ndi inu amene munabwerera kumidzi, anthu amakhulupirira zimene akuona pakhomo panu. Musanasoke matumba caka cino, patulani limodzi. Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa soya wokazinga ndi makapu 4 a mgaiwa, ndipo phalalo bambo adye pamodzi ndi ana, anansi akuona.