Tisanatumize uthenga wa malonda pa foni, tiyambe taganiza

Achinyamata anzathu, masiku ano msika uli m'manja mwathu. Ambiri a ife m'makalabu muno timagulitsa nsapato, kaunjika, mafuta odzola ndi makeke kudzera pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Timakapikula katundu ku msika wa Tsoka, n'kumujambula, n'kumuika pa foni, ndalama n'kulowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Palibe cholakwika pamenepa. Ntchito zikusowa, ndipo geni ya pa foni yathandiza anzathu ambiri kulipira fizi ndi kupewa zibwenzi zofuna ndalama.

Koma pali malonda ena amene akuika miyoyo ya anthu pa chiswe, ndipo ena mwa amene akuwafalitsa ndi ife tomwe.

Ife amene timagwira ntchito ya zaumoyo mu Area 9 ndi madera oyandikana nawo tidakumana ndi bambo wina amene amalondera pa nyumba ina m'dera lino. Bamboyu adakhala akumwa mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV kwa zaka zingapo ali ndi thanzi labwino. Kenaka adasiya kubwera kudzatenga mankhwala. Titawalondola tidawapeza ataonda, akutsokomola, ntchito ikuwakanika. Adationetsa uthenga wa pa foni wotsatsa mankhwala amene ati amachiziratu kachilombo ka HIV. Adalipira malipiro awo a mwezi wathunthu, ndipo wogulitsayo adawauza kuti ma ARV asiye. Amene adawatumizira uthengawo ndi mphwawo, mnyamata wa msinkhu wathu, yemwe adalonjezedwa kangachepe pa munthu aliyense amene angagule. Mnyamatayo sadapange mankhwalawo, sadawaone n'komwe. Adangodina foni basi. Koma atsibweni ake adatsala pang'ono kutisiya.

Bodza lotere silachilendo m'Malawi muno. Makolo athu akukumbukira chaka cha 1995 pamene chinamtindi cha anthu chidakhamukira m'boma la Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe, poganiza kuti Edzi itha. Edzi siidathe. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo munthu ankayenera kukwera basi kapena matola kuti akafike kumeneko, pomwe lero mchape ukumupeza munthu ali chigonere pa mphasa. Mu 2018 kampani ina ya ku Israel idalengeza za mankhwala otchedwa Gammora. Palibe umboni woti mankhwalawa amachiza HIV, koma dzinali lakhala likugwiritsidwa ntchito ndi akathyali pobera anthu pa intaneti, kuno kwathu ndi m'maiko ena a mu Africa.

Choonadi n'chakuti mpaka lero palibe mankhwala ogulitsa, achizungu kapena azitsamba, amene amachotsa kachilombo ka HIV m'thupi. Ma ARV amakafooketsa kuti kasachulukane. Munthu akamamwa mwandondomeko, tizilombo timachepa kwambiri mpaka makina oyezera kuchuluka kwake satha kutiona, ndipo munthu wotere sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Apa ndi pamene akathyali aja amapezerapo mpata. Amauza munthu kuti akayezetse, ndipo zotsatira zikaonetsa kuti tizilombo sitikuoneka, amati mankhwala awo ndiwo agwira ntchito. Chonsecho ndi ntchito ya ma ARV. Munthuyo akasiya kumwa, tizilombo timachulukanso pakangopita masabata ochepa, chitetezo cha m'thupi chimatsika, matenda monga chifuwa chachikulu amalowa, ndipo nthawi zina tizilomboto timayamba kupima mankhwala.

Tisaiwalenso kuti ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba kumwa nthawi yomweyo. Ife a mu Lilongwe muno tili ndi mwayi: pa chipatala cha Bwaila pali Martin Preuss Centre, ndipo ku Kamuzu Central kuli Lighthouse komanso Baylor kumene kuli Teen Club ya achinyamata. Nanga bwanji tikuthandiza anthu kugula imfa pamene moyo ukuperekedwa ulere?

Ena anena kuti, "Ine ndimangotumiza, mwini wake ndi wina." Ayi anzathu. Bambo uja sadakhulupirire munthu wachilendo wa pa TikTok. Adakhulupirira mphwawo. Uthenga ukachoka pa nambala yathu umanyamula dzina lathu, ndipo wolandirayo amati taufufuza kale. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ena anenanso kuti geni ndi geni, munthu agula mwa kufuna kwake. Koma munthu amene ali ndi mantha ndiponso watopa ndi kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku sasankha momasuka. Kudyerera mantha ake ndi kuba.

Pali khalidwe linanso loipa pa geni ya pa foni. Kasitomala akachedwa kubweza ngongole, ena amaika chithunzi chake pa gulu la WhatsApp n'kulemba kuti, "Ameneyu tidamuona pa mzere wa ma ARV." Ngongole ya nsapato ikukhudzana bwanji ndi magazi a munthu? Kusalana kotereku kumachititsa anzathu kuopa kukayezetsa ndi kubisala pokatenga mankhwala. Ngakhale wotumiza ataufufuta uthengawo, ena amakhala ataujambula kale. Paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Malamulo nawo sakusekerera. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa nkhani zabodza za matendawa komanso kuulula za mthupi mwa munthu iye asadavomere. Lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti limaletsa kuzunza ena kudzera pa foni ndi pa kompyuta. Ndipo mankhwala asanagulitsidwe m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la PMRA. Kunena kuti "ndimangotumiza" sikudzatipulumutsa.

Tsono tichite chiyani? Tisanatumize uthenga uliwonse wa malonda, tidzifunse: katunduyu ndamuona ndi maso anga? Zimene akunenazi ndingazinene pamaso pa dokotala? Ndingamugulitse mayi anga? Ngati yankho ndi ayi, tiufufute. Tikaona wina akutsatsa mankhwala ochiza HIV pa gulu lathu, timudzudzule pomwepo mwaulemu, ndipo tidziwitse alangizi a zaumoyo kapena apolisi. Amene timayang'anira magulu a WhatsApp a makalabu athu tiike lamulo loti za mankhwala ndi za magazi a munthu si malonda. Ndipo ngati tikudziwa m'bale amene wasiya ma ARV chifukwa cha mauthenga otere, tisamunyoze, timuperekeze ku chipatala lero lomwe.

Bambo uja adayambiranso kumwa mankhwala ndipo adabwerera pa ntchito. Ndalama zawo zidapita, koma moyo ulipo. Si onse amene amapezeka nthawi yabwino chonchi. Tiyeni tichite geni, achinyamata anzathu, koma geni yathu isadye moyo wa munthu.