Tisamange switchi ya magetsi ndi waya

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga kuno ku Chiradzulu amene magetsi a MAREP anawafikira. Switchi yaikulu ikagwa n'kukana kukwera, ena akumaimanga ndi waya kapena kuichirikiza ndi kamtengo. Kumeneko n'kuitana moto! Switchiyo imagwa poteteza nyumba. Ndiye kuti penapake pali shoti, kapena madzi alowa m'mawaya chifukwa cha denga lodontha.

Ndi manja ouma, zulani zonse m'masoketi, tsitsani timaswitchi tonse, kwezani yaikuluyo, kenako kwezani tating'onoto kamodzikamodzi. Kamene kagwetsenso yaikulu, vuto lili kumeneko, kasiyeni pansi. Ikakanabe, itanani wamagetsi wa chiphaso cha MERA, osati mnyamata aliyense wokhala ndi pulayasi.

Abusa ndi ansembe, chonde lengezani zimenezi Lamulungu dzinja lisanafike.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chiradzulu.