MAWU A MLANGIZI: Masewera a pa Zambezi ndi Mitsinje Yathu

Alimi anzanga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, sabata ino tiyambe taika khasu pansi, ndikuuzeni za masewera ena achilendo amene achitika kwa anansi athu a ku Zambia.

Pafupi ndi mzinda wa Livingstone pali mathithi aakulu a Victoria Falls, amene eni dziko awatcha Mosi-oa-Tunya. Pamenepo mtsinje wa Zambezi ugwera m'phompho lakuya mamita 108. Kunsi kwake madzi onse aja apanikizika m'chigwa chopapatiza cha Batoka, nathamanga pa miyala mpaka kuchita thovu loyera. Chiyambire chaka cha 1981 anthu atsika m'chigwamo pa mabwato a mphira opopera mpweya. Alendo a ku Lusaka, a ku Johannesburg ndi a maiko akutali aweruka ku ntchito Lachisanu, nakwera ndege. Loweruka alowa m'madzi, Lamulungu abwerera kwao. Munthu mmodzi alipira madola a ku Amerika oposa 100 pa tsiku limodzi lokha.

Wina adzati, "Amenewo ndi okhuta, agula imfa ndi ndalama zao." Koma taonani m'mene achitira. Aliyense avala chipewa cholimba ndi chovala choyandamitsa munthu pamadzi. M'bwato lililonse muli mtsogoleri wodziwa mtsinjewo, ndipo malo onse oopsa anawapatsa manambala. Asanalowe m'madzi ayamba aphunzitsidwa chochita bwato likagubuduka. Anyamata ena atsagana nao pa timabwato tating'ono kuti avuule wogwa. Akafika pa malo a nambala 9, alendo atsika nayenda pamtunda, chifukwa pamenepo madzi ndi aukali kopambana. Ndipo Zambezi akadzaza kwambiri mvula itatha, cha m'miyezi ya April ndi May, masewerawo ayamba aimitsidwa, ngakhale alendo akhale ndi ndalama zotani.

Tsono ngati akatswiri okhala ndi zida zonsezi aopa mtsinje wodzaza, nanga ife? Mitsinje yathu monga Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi ichokera ku mapiri. Mvula ikhoza kugwa kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu kuno dzuwa lili phwee, koma madzi ake atipeza kuno kunsi tsiku lomwelo. Khwawa limene munaoloka m'mawa lili gwa, madzulo mulipeza likukokoma. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Komabe dzinja lililonse tiona mayi ali ndi mwana kumbuyo, mtolo pamutu, akulowa m'madzi ofiira kuti akafike msanga kumudzi.

Chifukwa chake sungani malangizo awa:

1. Madzi akafiira, akamatenga zinyalala ndi zitsa, kapena mukamva mkokomo kumtunda, musaoloke. Madzi othamanga, ngakhale a m'mawondo okha, agwetsa mwamuna wamphamvu.

2. Musakakamize ng'ombe za ngolo kulowa mumtsinje wodzaza. Ngolo iyandama, nikoka ng'ombe zomwe zili m'goli.

3. Ana a sukulu ndi abusa a ziweto auzidwe kuti akapeza mtsinje wadzaza agone kwa abale tsidya lomwelo. Makolo musawakalipire pa chimenecho.

4. Madzi akakutengani, tayani katundu. Gonani chagada, miyendo iloze kumene madzi alinkupita, ndipo yesani kusendera kumtunda pang'onopang'ono. Musayese kuimirira pa madzi aliwiro, pakuti phazi likhoza kukanirira m'miyala. Ndimo m'mene aphunzitsira pa Zambezi.

5. Mukaona mnzanu akutengedwa, m'ponyereni chingwe kapena m'patsireni nsungwi yaitali. Musadziponye m'madzi, kuopa kuti maliro angakhale awiri.

6. Musalime kufika m'gombe mwenimweni. Siyani mitengo, bango ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje, chifukwa mizu yake igwira nthaka kuti gombe lisagumuke.

Mafumu ndi akulu a mipingo, chonde werengerani anthu anu mawu awa pa misonkhano. Kuthamanga sikufika. Mitsinje yathu ya kumapiriyi sichedwa kuphwa mvula ikakata, ndipo munda wanu mudzaupeza pomwepo mawa.

Tsalani bwino mpaka sabata ya mawa.

Ine wanu,
Mlangizi